Pusi wa pa Liwaladzi akufuna kukhala Grandmaster

Januwale ndi mwezi wa malonjezo. Wina amalumbira kuti kachasu wasiyana naye, wina akuti ngongole ya banki m'khonde aibweza mpunga usanache, pomwe wina akuti chaka chino nyumba ivala malata, ngakhale ndalama ya misomali ilibe kochokera. Pa Liwaladzi, m'mbali mwa msewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, pawonjezereka mtundu wina wa olonjeza womwe unabwera ndi intaneti: osewera chess a pafoni. Mmodzi mwa iwo sasowa. Amakhala pakhonde la golosale, foni ili pa tchaja ya eni golosale, nkhope itakwinyika ngati akuwerenga samani ya kukhoti, pomwe wangodyeredwa hatchi ndi mwana wa ku India amene sadzamuona mpaka imfa.

Zolinga zake za chaka chino anazilemba m'kope la mwana wa mlongo wake, ndipo zinadya masamba awiri. Aphunzira maopening, njira zoyambira masewero, za Sicilian, London System ndi King's Indian, zonse pofika Malichi. Tsiku lililonse athetsa mafunso a chess mazanamazana. Aonera mavidiyo onse a katswiri Magnus Carlsen. Asewera usiku uliwonse mpaka tambala woyamba. Apita ku mpikisano ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Ndipo pansi penipeni, ndi zilembo zikuluzikulu zodulidwa mzere kawiri: Disembala asanathe akhala Grandmaster.

Makolo athu munthu ameneyu anamuona kalekale, foni zisanabwere. Anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anthu a kuno, amene minda yawo ili kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, safunika kuuzidwa khalidwe la pusi mango akapsa. Koma pali chinthu chimene ambiri sachiona m'mwambiwu. Pusi uja sanali waulesi. Mwa anyani onse a mumtengomo, iye ndi amene analimbikira ntchito kwambiri tsiku limenelo. Dzanja ili bango, dzanja ilo bango, maso ali pa lachitatu, ndiye nthambi akanaigwira ndi chiyani?

Tiyambe ndi bango lalikulu lija la Grandmaster. Bungwe loyendetsa chess padziko lonse, FIDE, limayeza mphamvu za osewera ndi mapointi, mwa njira yomwe anakonza Arpad Elo ndipo bungweli linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Masiku ano mndandandawo umayambira pa 1400. Kuti munthu atchedwe Grandmaster ayenera kufika pa 2500, komanso kuchita bwino kwambiri katatu m'mipikisano momwe muli ma Grandmaster ena. Munthu wamkulu wosewera wamba akagonjetsa mnzake wofanana naye mphamvu amapata mapointi pafupifupi 10, ndipo akagonja 10 omwewo amabwerera kumene anachokera. Carlsen, amene mavidiyo ake akuyembekezeka kuonedwa onse, anafikapo pa 2882 mu 2014, ndipo palibe wina anakwerapo kuposa apo. Choipa china n'chakuti mapointi a pa Chess.com kapena Lichess, omwe mnyamata wathu amaonetsa anzake akabaza, FIDE siiwawerengera n'komwe.

Ndipo nthawi yake si miyezi 12. Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anabadwira ku Ndola mu 1982, anakhala katswiri wa dziko lake ali ndi zaka 14 zokha. Dzina la Grandmaster analilandira mu 2009, woyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Gukesh Dommaraju wa ku India anafulumirako, chifukwa anakhala Grandmaster ali ndi zaka 12, koma anayamba ali ndi zaka 7, ndipo sankadzuka m'bandakucha kukapalira chinangwa kapena kukoka makoka.

Komabe nkhani ya pusi imakoma kwambiri ikafika pa bolodi penipeni, chifukwa chess ndi masewero otchera misampha anthu adyera. Aliyense amadziwa mitengo yake: kamsilikali ndi 1, hatchi ndi bishopu 3, rook 5, mfumukazi 9. Wosewera wa pakhonde la golosale akaona kamsilikali kopanda mlonda, dzanja limanyamuka lokha mutu usanafunsidwe. Amatuma mfumukazi yake kukatola 1, osaona kuti njira yobwerera yatsekedwa ndipo 9 yapita.

Asachite manyazi kwambiri, ali m'gulu la anthu olemekezeka. Mu 1972, ku Reykjavik, Bobby Fischer wa ku America ankalimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Boris Spassky wa ku Soviet Union. M'masewero oyamba enieni, zinthu zikuoneka kuti zithera kufanana mphamvu, Fischer anatambasula bishopu wake n'kudya kamsilikali ka pakona. Spassky anangokankha kamsilikali kena, bishopu uja n'kutsekeredwa, ndipo Fischer anagonja. Mungaganize kuti anatolapo phunziro. M'masewero a 11 anatumanso mfumukazi kukadya kamsilikali komwe akatswiri amati n'kapoizoni, mfumukaziyo inasowa pothawira, ndipo anagonjanso. Zoona, pamapeto pake Fischer ndi amene anatenga ukatswiriwo, 12½ kwa 8½. Koma Fischer anali Fischer. Iye akagwa chagada ankadzuka n'kusasa fumbi, pomwe wa pa Liwaladzi akagwa amangoti netiweki inavuta.

Za maopening nazo ndi mtengo wa mango wosatha. Buku lalikulu lomwe linawasanja linawagawa m'magulu 500, ndipo pa YouTube gulu lililonse lili ndi mlaliki wake wolonjeza kuti iyi yokha ndiyo imapha. Lolemba mnyamata wathu ndi munthu wa Sicilian. Lachitatu wagonja kawiri, ndiye Sicilian ndi yabodza, wasamukira ku London. Loweruka bandulo yatha vidiyo ili pakati, pamalo pomwe mlalikiyo amafuna kunena choti uchite mdani akapanda kugwa mumsampha. Chotsala m'mutu ndi kachinyengo kakale kaja kopha mfumu ndi mayendedwe anayi, komwe kamagwira ana a sitandade 4 kamodzi kokha, kachiwiri amakhala akudikira.

Ndiye pali masewero a mphindi imodzi, omwe amawatcha bullet. Amenewa ndi kachasu wa chess. Munthu amati kamodzi kokha ndigone, kenaka kuti ndibweze kaye, kenaka kuti sindingagone nditagonja, mpaka asodzi a usipa azimitsa nyali zawo panyanja iye adakabweza. M'masewero makumi angapo amenewo palibe ngakhale amodzi amene wawayang'ananso kuti aone pomwe zinakhotera.

Amalume ake, omwe bawo analiyamba msewu wa M5 usanaone phula, nkhani zimenezi amazimva ali chete pansi pa mtengo. Bawo ndi chess n'zapachibale kuposa momwe mnyamatayo amaganizira: bawo lili ndi maenje 32 ndi njere 64, chess ili ndi mabokosi 64 ndi zoseweretsa 32. Tsiku lina anamufunsa.

"Iwe mphwanga, zako zapafonizo, ukagonja umadziwa chimene chakugonjetsa?"

"Amalume, kompyuta imatha kundiuza. Kungoti ndimakhala ndilibe nthawi."

"Nthawi imapita kuti?"

"Ndimakhala ndikusewera ena."

Amalume sanayankhe. Anatola njere m'dzenje, n'kuwerenga ndi maso mzere wonse mpaka pomwe njere yomaliza ikagwere, n'kuwerenganso chimene mnzawo angadye akatero, kenaka n'kufesa. M'bawo wosewera amene amangoona chakudya chake osaona cha mnzake amatha msanga, ndipo anthu oonerera samubisira mawu. Kompyuta yomwe ili m'foni ya mphwawoyo ndi yamphamvu kuposa kompyuta ya Deep Blue imene inagonjetsa katswiri Garry Kasparov mu 1997, koma ilibe pakamwa pa anthu a pabawo, ndipo mwina n'chifukwa chake siimveredwa.

Sikuti chess ndi mlendo m'boma la Nkhotakota. Susan Namangale, amene mu 2018 anakhala mayi woyamba kutsogolera bungwe la Chess Association of Malawi, anakulira ku Chombo m'boma lomweli. Masewerowa anawadziwa ali kamtsikana kudzera pa bolodi lomwe mkulu wake anabwera nalo kuchokera kusukulu, ndipo bolodilo litabwerera ndi mwini wake, iye ndi anzake anasonkha tindalama kuti agule lawo. Lero mayiyu ali ndi Dadaz Chess Academy ndipo wafikitsa chess m'masukulu a kumidzi ngakhalenso m'ndende. Cholinga chake choyamba chinali chaching'ono moseketsa: kupeza bolodi. Koma chinali cholinga choti munthu akhoza kuchigwira ndi manja awiri.

Apa ndi pomwe masamba awiri aja akulakwira. Mapointi sali m'manja mwa wosewera yekha, chifukwa tsidya linalo la bolodi kuli munthu amene nayenso analemba zolinga zake mu Januwale. Chimene chili m'manja mwake n'chosasangalatsa kuchiuza anzake: kusewera masewero a mphindi 15 kapena kupitirira m'malo mwa a mphindi imodzi, ndipo akagonja kubwerera mmbuyo mpaka atapeza pomwe anataya chinthu chaulere. Opening imodzi akakhala ndi zoyera ndi yankho limodzi akakhala ndi zakuda n'zokwana chaka chathunthu. Aphunzirenso kupha mfumu ndi rook imodzi, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kuthamangitsa mfumu ya mnzako bolodi lonse mpaka lamulo la mayendedwe 50 litakulanditsa chipambano. Ndipo asanakhudze kanthu azidzifunsa funso la amalume: nanga mnzangayu akufuna kudya chiyani?

Funso limeneli silikalamba. Pa 12 Disembala 2024, ku Singapore, Ding Liren wa ku China anali katswiri wa dziko lonse, ndipo masewero omaliza, a 14, ankaoneka kuti athera kufanana mphamvu. Anasuntha rook kamodzi osaona bwino chimene mnzake angachite, ndipo patangopita mphindi zochepa ukatswiri unali m'manja mwa Gukesh, wa zaka 18.

Choncho inu a pa Liwaladzi amene chaka chino mwalumbira kuti chess ikudziwani, yambani mwapeza munthu wamoyo woti muzikhala naye maso ndi maso Loweruka lililonse, woti mukagonja azikusekani n'kukuonetsani pomwe munapusa. Ngati bolodi palibe, katoni ya sopo ilipo: mizere 8 uku, 8 uko, ndipo poyala muonetsetse kuti bokosi la pakona ya kudzanja lanu lamanja ndi loyera.