Kasitomala wachinsinsi sangalimbe ku Zomba

Kunja kuno kuli ganyu yodabwitsa: eni sitolo amalipira munthu kuti anamizire kugula, kenako akawanong'oneze momwe antchito amulandirira. Ku Zomba ganyu imeneyi ingathe dzuwa lisanafike paliwombo. Likulu la dziko linachoka ku Zomba n'kusamukira ku Lilongwe mu 1975, koma akazitape enieni anatsalira mumsika. Musanafunse n'komwe mtengo wa matemba a ku Chilwa, mayi wogulitsa wakuzindikirani kale kuti ndinu mlamu wa uje wa ku Chinamwali. Mukakwera phiri kulowera ku Ku Chawe, anyamata a masitiroberi amayamba ayang'ana nsapato zanu, mtengo n'kutchula pambuyo. Ndiye lipoti mulemba lotani, poti amene mwapimidwa ndinu? Basela akakumanani, dziwani kuti mwalephera mayeso.