Fodya Wopanda Masamba

Diepsloot,
Johannesburg.

Achimwene,

Zina tidzakamba pafoni, koma nkhani iyi ndati ndilembe, chifukwa mayunitsi sangaikwanitse, komanso ikufunika munthu wodziwa fodya.

Kuno kwabwera fodya wachilendo. Safesa nazale, sathirira, sawokera, sasoka. Alibe tsamba ngakhale limodzi, moti agogo akanakhala moyo akanasowa potsina. Dzina lake ndi Bitcoin, ndipo ali ndi abale ake ambirimbiri amene onse pamodzi amawatcha kiripito. Eni ake amati ndi ndalama. Ine ndamvetsera mikangano yake mpaka makutu kuwawa, ndipo ndagamula kuti ameneyu ndi fodya basi, kungoti chigafa chake ndi foni.

Pamene timachita lendi pano tilipo Amalawi angapo, ndipo madzulo aliwonse pabwalo pamakhala ngati msonkhano wa kalabu ya alimi tsiku logawana ngongole. Pali mnyamata wa ku Mangochi amene amagulitsa m'sipaza. Iyeyu ndi wogula, ndipo akamalankhula za Bitcoin mawu ake amanjenjemera ngati mlaliki. Pali wina wa ku Zomba, anaphunzira za makompyuta koma ndi mlonda. Iyeyu akuti kugula n'kwa anthu aulesi, mwamuna weniweni amalima yekha. Ndiye pali mkulu wina wa ku Ntcheu, telala, tchona weniweni, amene amangopukusa mutu ulusi uli kukamwa. Ine ndimakhala pakati, chifukwa ndine ndekha ndinagonapo panja pa Chinkhoma kudikira kuti mabelo alowe.

Anayambitsa mbewuyi mu 2009 akuti ndi Satoshi Nakamoto. Palibe anamuonapo nkhope, ndipo dzinalo si lake lenileni. Taganizani, achimwene, esiteti imene matenanti onse amatchula mwini wake mwaulemu, koma ngakhale kapitawo sadziwa ngati bwanayo ndi mwamuna, mkazi kapena gulu la anthu. Asanazimiririke anasiya kota: ma Bitcoin sadzapitirira 21 miliyoni padziko lonse. Inu a Tobacco Commission akakupatsani kota yochepa mumakadandaula, mwina chaka chinacho n'kukuwonjezerani. Apa ofesi yokadandaulako kulibe. Wa ku Mangochi akuti ubwino wake ndi womwewo, poti boma lililonse likapanikizika limasindikiza ndalama, koma fodya uyu palibe angabzale mzere wowonjezera usiku.

Chinandisangalatsa ndi buku lawo. Malonda onse amalembedwa m'buku limodzi, ndipo bukulo lili m'makompyuta zikwizikwi nthawi imodzi. Kukhala ngati membala aliyense wa kalabu ali ndi pepala lonse la malonda m'thumba mwake, moti mlembi sangafufute belo lanu n'kulembapo dzina la mlamu wake. Apa pokha ndinaomba m'manja. Mukudziwa chifukwa chake.

Tsono kulima kwake, kumene iwo amati kukumba. Makina amapikisana usana ndi usiku kusaka nambala ina yake mongoyesa mwayi. Pafupifupi mphindi 10 zilizonse makina amodzi amaipeza, amalemba tsamba latsopano m'buku lija, n'kulipidwa ma Bitcoin atsopano. Malipirowo amadulidwa pakati zaka zinayi zilizonse. Mu Epulo 2024 anachoka pa 6.25 kufika pa 3.125. Mlimi wa ku Santhe atauzidwa kuti ntchito ndi yomweyo koma zokolola zizidulidwa pakati, bwenzi atabzala soya kalekale. Ndipo makinawo ndi mabalani enieni. Amatentha, amalira, amadya magetsi monga mabalani anadyera mitengo ya kwathu ija mpaka amayi kumakatola zitsononkho zophikira.

Mnzathu wa ku Zomba sanamve zimenezi. Anagula laputopu yakale, n'kuisiya ikulira m'chipinda usiku wonse. M'chipindamo munafunda moti tikanapachikamo mikangala bwenzi fodya atauma bwinobwino. Koma mita ya magetsi pano ndi imodzi, yolipiriratu. Kutacha mayi landilodi anatulukira, chitenje m'chiuno, akuyankhula zilankhulo zitatu nthawi imodzi, ndipo zonse tinazimva. Zimene anakolola mnzathuyo sizikanagula ndi theka la buledi. Olima enieni ali ndi makina opangidwira ntchito yokhayo, odzaza nyumba zazikulu ngati mashedi a ku Kanengo, kumalo kumene magetsi ndi otchipa. Iye anali ngati munthu wobzala fodya m'chitini kuti apikisane ndi esiteti za Press.

Musaseke kwambiri, chifukwa fodyayu akulimidwanso kwathu komweko. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kuli bungwe la MEGA limene limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kumagulitsa m'midzi. Magetsi ena ankangotsala, makamaka usiku anthu akagona. Kampani ya ku Kenya yotchedwa Gridless inaikako makina ake kuti azidya otsalawo n'kumalipira, ndipo ndalamazo zimathandiza kuti magetsi a m'midzimo asafe. Ndinamva nsanje, achimwene. Ife a ku Kasungu, eni ake fodya, mpaka kupitiriridwa ndi anthu a tiyi!

Pamene pamafika povuta ndi pa mtengo. Mu Novembala 2021 Bitcoin mmodzi anafika pafupifupi madola 69,000. Chaka chimodzi chokha chitadutsa anali pa madola 16,000. Mu Disembala 2024 anapyola madola 100,000. Ine nditamva ndinati, nanga chachilendo n'chiyani? Ifetu tinabadwira momwemo. Chaka chino mtengo wakoma, aliyense wagula njinga yamoto ndi malata. Chaka chamawa aliyense wabzala mpaka kuseri kwa chimbudzi, ogula n'kumangodutsa mabelo ngati sakuwaona. Kusiyana kwake n'kwakuti okushoni yathu imatsegulidwa cha mu Epulo, imaweruka madzulo, ndipo Lamulungu munthu amapuma. Iyi siyitseka. Usiku pakati mtengo ukhoza kugwa iwe uli m'tulo.

Komanso kwathu boma limaika mitengo yoyambira. Ogula akanyanya, alimi amaimitsa msika, nduna n'kubwera ndi magalimoto ake. Mukukumbukira mu 2009 pamene Pulezidenti Bingu anathamangitsa m'dziko akuluakulu ena a makampani ogula fodya chifukwa cha mitengo yonyozeka? Ndinawafunsa anzangawa kuti, inu mtengo ukagwa mumathamangitsa ndani? Wa ku Mangochi anati sathamangitsa munthu, amangogwiritsitsa osagulitsa mpaka udzakwere. Ndinati zimenezo timazidziwa, kusunga belo kudikira mtengo, koma belo likakhalitsa limachita nkhungu. Akuti wawoyu sachita nkhungu. Amene amachita nkhungu ndi mwini wake. Masiku ano sindifunsanso kuti mtengo uli pati. Ndimangoyang'ana mbale yake. Mukakhala nyama, wakwera. Mukakhala kabichi wopanda tomato, ndimamupatsa moni wa pamaliro.

Tsiku lina atelala analavula ulusi n'kunena kuti ndalama imene sudziwa kuti mawa igula chiyani si ndalama, ndi juga. Tonse tinavomera. Mnyamata uja anangofunsa mofatsa kuti, "Nanga kwacha, madala?" Anatikumbutsa za Meyi 2022 pamene inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndi Novembala 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Atelala anabwezera ulusi kukamwa. Palibe anaseka, poti aliyense pabwalopo ali ndi nyumba kumudzi imene inaima pa mawindo chifukwa cha simenti.

Ndiye pali fodya wa kontirakiti. Ameneyu amati USDT, ndipo anamumangirira ku dola kuti mmodzi azikhala dola imodzi nthawi zonse. Mtengo umaudziwiratu usanabzale. Ambiri kuno amakonda ameneyu, osati kuti alemere koma kuti zimene apeza zisasungunuke. Koma inu mukudziwa kuti kontirakiti imalimba ngati kampaniyo ilidi ndi ndalama zimene ikunena kuti ili nazo. Wina wa mtundu womwewo, TerraUSD, analonjezanso dola imodzi, koma mu Meyi 2022 anagwa m'masiku ochepa n'kusanduka zinyalala za pansi pa chigafa.

Ndipo kulikonse kuli fodya, mavenda sasowa. A kuno sayenda ndi sikelo yonyenga panjinga. Amavala masuti n'kuchititsa misonkhano m'mahotela. Kunali kampani ya ku Stellenbosch, Mirror Trading International, ya mkulu wina Johann Steynberg. Inkauza anthu kuti bweretsani Bitcoin wanu, kompyuta yathu yanzeru izikupindulirani mpaka 10 peresenti pamwezi, ndipo mukabweretsa mnzanu mulandira yapamwamba. Mu Disembala 2020 mkuluyo anazimiririka, n'kukagwidwa ku Brazil patapita chaka. Akuluakulu a ku America atawerengera anapeza kuti analandira ma Bitcoin oposa 29,000. Mu 2021 anyamata awiri apachibale a kampani ya Africrypt nawonso anasowa, anthu n'kutsala akuyang'ana mafoni. Boma la kuno linadzidzimuka, ndipo kuyambira Okutobala 2022 bungwe la FSCA linayamba kuwerengera kiripito m'gulu la malonda a zachuma ofunika laisensi. Pano kuli misika yodziwika ngati Luno ndi VALR, ndipo ku Pick n Pay munthu akhoza kulipira shuga ndi Bitcoin. Kwathu Reserve Bank inanena kale mu 2019 kuti zimenezi si ndalama zovomerezeka m'Malawi, kutanthauza kuti venda akakuthawitsira belo, ukalira kwa amako.

Achimwene, amayi akudya?

Ndamva kwa achemwali kuti miyendo yatupanso, ndipo chimanga chinatha Khirisimasi isanafike. Inu pafoni mumangoti tonse tili bwino. Musandibisire. Munthu ukakhala kutali, zimene sakukuuza ndi zimene zimakulanda tulo. Ndimagona ndikuwaona atakhala pakhonde paja akusankha fodya ndi maso awo ofooka aja, ndipo ndikawerenga zaka zimene sindinadye nsima ya m'manja mwawo, mtima umandithawa. Ndikuopa kudzabwera ndi thumba la zovala zawo iwo kulibe.

Kuno zinthu sizili monga zimaonekera pa zithunzi zimene ndimatumiza. Galimoto ija si yanga. Abwana andichepetsera masiku a ntchito, lendi yakwera, ndipo masiku a mu pasipoti anatha, moti ndikaona galimoto ya apolisi ndimayamba kuganiza za ku Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo. N'chifukwa chake ndalama ya mwezi uno yachepa. Si kuti ndakuiwalani.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mng'ono wathu. Ndamva kuti akumacheza ndi anyamata ena pa Santhe amene akumuonetsa manambala obiriwira pafoni, akuti akaika ndalama zizibereka sabata iliyonse, ndipo wayamba kunena zogulitsa ng'ombe imodzi ya pangolo. Musamukalipire pagulu. Si wopusa ayi, watopa. Waona inu mukulima chaka chonse, n'kudzatsala ndi pepala lodzaza ndi zodula: ngongole ya feteleza, thiransipoti, ziguduli, msonkho. Ngakhale ine usiku wina ndimawerengera kuti ndikanagula pa madola 16,000 paja bwenzi pano ndili kumudzi. Maganizo amenewo ndi amene mavenda amadya.

Mukhale naye pansi, mumufunse zitatu. Phindulo likuchokera kuti, wagula ndani ndipo wagulitsa chiyani? Bwanji akumuuza kuti abweretse anzake kuti alandire zambiri? Nanga akafuna ndalama zake zonse lero lomwe, amupatsa? Bitcoin weniweni salonjeza munthu kanthu. Akhoza kukwera, akhoza kukudula pakati, ndipo amene amamudziwa amaikamo zokhazo zimene zitatayika ana sagona ndi njala. Aliyense wonena kuti phindu ndi lotsimikizika mwezi ndi mwezi akulipira akale ndi ndalama za atsopano, ndipo ife a kumudzi timafika nthawi zonse kumapeto kwa mzere. Malemu bambo ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ife pakhomo pathu palibe ndalama ya mphepo. Ng'ombe ija ikapita, mabelo adzapita pamutu pa ndani?

Zimene ndatumizazo mukatape tsiku lomwelo, musazisunge m'foni kudikira kuti zinthu zitsike, sizitsika. Mugule chimanga choyamba. Zotsalazo mutengere amayi kuchipatala cha pa Santhe, ndipo akakanena zopita ku Kasungu musazengereze; mundiimbire, ndikabwereka kwa atelala. Za ziguduli ndi jeke ndiyesetsa mwezi wamawa, msika usanatsegulidwe. Ng'ombe isagulitsidwe ine ndisanamve, ndipo mng'ono wathuyo mumuuze andiimbire yekha Lamulungu madzulo, ndiyankhule naye ngati mbale wake, osati ngati woweruza.

Mupereke moni kwa amalume ndi kwa onse a ku kalabu. Mundiyankhe msanga za amayi, ndipo mundiuze zoona.

Ine mng'ono wanu,
wa ku Joni.