Mpando Upite kwa Khofi Wozizira wa Maluwa

Pali zakumwa zimene zimatumikira munthu, ndipo pali zina zimene munthu amazitumikira. Tiyi, thobwa ndi madzi a mumtsuko zili m'gulu loyambalo: wamva ludzu, wamwa, wabwerera ku ntchito yako. Khofi wozizira wa maluwa, uja wopangira pakhomo n'kuthiramo lavenda kapena madzi a rozi, ali yekhayekha m'gulu lachiwiri, ndipo n'chifukwa chake ayenera kupatsidwa mpando. Omunyoza amati ndi wovutitsa, amadya nthawi, amadetsa ziwiya zambirimbiri kuti pamapeto pake munthu amwe chinthu chonunkhira sopo. Zonsezi n'zoona, ndipo sinditsutsapo ngakhale chimodzi. Chimene ndikukana n'chakuti zimenezi zikhale milandu. Ukulu wa mfumu timauona pa kuchuluka kwa anthu oivutikira, ndipo palibe chakumwa china chimene chimagwiritsa munthu thangata m'nyumba yake yomwe, iye akumwetulira, ndalama zogulira zipangizo atatulutsa yekha.

Ulamuliro wake umayambira pa nthawi. Khofi wamba amafuna madzi owira ndi mphindi zochepa, koma uyu, akapangidwa mwa mwambo wake, salola kuthamangitsidwa. Nyemba zokazinga zimaperedwa mosasalala, kenaka zimanyikidwa m'madzi ozizira, gawo limodzi la khofi pa magawo 8 a madzi poyeza pasikelo, n'kuzisiya maola 12 mpaka 18 zisanasefedwe pa kansalu. Kutanthauza kuti ludzu la lero masana liyenera kudziwika dzulo madzulo. Ndi sukulu iti imene inaphunzitsapo munthu kuona patali motere? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo siikudikiritsa usiku wonse. Shuga nayenso amamvera lamulo lomweli, pakuti m'madzi ozizira sasungunuka msanga, amangokhala pansi pa tambula. Choncho wofuna chakumwa chozizira ayenera kuyamba wayatsa moto: kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya madzi mu poto mpaka shuga atasungunuka, supuni yaikulu imodzi ya maluwa a lavenda ouma, kuphula, kuvundikira kwa mphindi 15 kapena 20, kusefa, kenaka kudikiranso kuti zimene waziwiritsazo zizizire. Pofika pothira mkaka, pamalo otsukira mbale pali poto, sefa, kansalu, botolo, supuni ziwiri ndi kapu yoyezera, pamene pakamwa sipanalowe kanthu.

Wina angaganize kuti mavutowa ndi ngozi ya masiku ano, yobwera ndi zithunzi za pa Instagram komanso ndi Starbucks, imene mu Marichi 2024 inayamba kugulitsa zakumwa zozizira za lavenda ku America. Ayi ndithu, banja lonse la khofi wozizira linabadwira m'masautso, ndipo mbiri yake ndi yolemekezeka. Dzina lakuti mazagran, limene Afalansa ndi Apwitikizi amatchulira khofi wozizira, linachokera ku linga la Mazagran ku Algeria, kumene asilikali a France anazingidwa mu 1840, ndipo nkhani imati ankamwa khofi wosakaniza ndi madzi ozizira. Frappé wa Agiriki anabadwa mu 1957 pa chionetsero cha malonda cha ku Thessaloniki, pamene Dimitris Vakondios, wogwira ntchito yogulitsa Nescafé, anasowa madzi otentha n'kukhutchumula khofi wake ndi madzi ozizira. Nanga aisi? Frederic Tudor wa ku Boston anatumiza aisi wodulidwa pa maiwe oundana kupita ku Martinique mu 1806, n'kutayapo ndalama, ndipo patapita zaka zingapo anatsekeredwa chifukwa cha ngongole. Sanagwe ulesi, moti mu 1833 anatumiza matani 180 ku Calcutta, ulendo wa miyezi inayi panyanja, ndipo okwana ngati 100 ndiwo anafika. Munthu amene lero wapeza aisi wake atasanduka madzi m'fuliji chifukwa magetsi anathima usiku asadandaule. Walowa m'mzere wa Tudor, ndipo kamtima kake kakuwawako ndi cholowa.

Mlandu waukulu umene anthu amamuimba ndi wa sopo uja, ndipo uli ndi maziko. Fungo la lavenda limachokera kwambiri ku mankhwala achilengedwe otchedwa linalool ndi anzake, omwewo amene opanga sopo, mafuta odzola ndi zotsukira pansi amawakonda. Mphuno inaphunzira fungoli kubafa isanalipeze m'tambula, ndiye ikakumana nalo imakumbuka kumene inalidziwira. Zimaipiraipira munthu akagula lavandin, mtundu wosakanizidwa umene umalimidwa kwambiri ku Provence kuti upangidwe mafuta, m'malo mwa Lavandula angustifolia woyenera kudya, chifukwa lavandin ali ndi kamfa wambiri ndipo kapu yonse imamveka ngati mankhwala opaka pachifuwa. Madzi a rozi, amene ku Qamsar ku Iran akhala akuwatcheza kuchokera ku Rosa damascena kwa zaka mazana, nawonso sachita nthabwala: amathiridwa ndi madontho, ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono wamwa pafyumu. Koma apa ndiye pali ulemerero wake. Tiyi amakhululukira wothira masamba ambiri, thobwa limabisa dzanja la wophika, pamene khofi wa maluwa amaweruza pompopompo, mosayang'ana nkhope. Malire a kukoma ndi sopo ndi theka la kasupuni. Amatiphunzitsanso kusakhulupirira kukongola, pakuti maluwa a rozi ogulitsidwa kuti akongoletse ukwati kawirikawiri amakhala opoperedwa mankhwala ndipo sayenera kulowa mu poto.

Chitsutso chimene chili ndi mano kwenikweni chimachokera kwa odziwa khofi. Iwo amati duwa lili kale m'nyemba. Mtengo wa khofi umachita maluwa oyera onunkhira mofanana ndi jasimini, amene amakhala masiku ochepa n'kuyoyoka. Khofi wa ku Yirgacheffe ku Ethiopia amatchuka ndi kafungo ka maluwa popanda kuthiramo kanthu, ndipo mtundu wa Gesha unadabwitsa dziko pa mpikisano wa Best of Panama mu 2004 pa chifukwa chomwecho. Kwathu kuno alimi a ku Misuku ndi ku Phoka amadikira zaka zitatu kapena zinayi mtengo usanabale bwino, n'kumathyola zipatso zofiira zokhazokha ndi manja, kuti kafungo kosaoneka kameneko kasatayike. Ndiye munthu, atero odziwawo, angatenge bwanji thukuta lonseli n'kulikwirira pansi pa shuga, mkaka, aisi ndi lavenda? Funsoli n'lomveka, makamaka poti kuzizira pakokha kumachepetsa fungo lofika kumphuno. Koma ofunsawo sakuona kuti akufotokoza chilungamo chimene maboma akhala akulonjeza osachikwaniritsa. M'tambula imeneyi khofi wa mtengo wapatali ndi khofi wa m'chitini amakhala ofanana, palibe wodziwa wolemera ndi wosauka, onse ndi lavenda. Anthu a ku Lebanon ndiwo anaitsata nzeruyi mpaka kumathero: chakumwa chimene amachitcha khofi woyera ndi madzi otentha othira madzi a maluwa a malalanje, mopanda nyemba ya khofi ngakhale imodzi. Ife timangotsalira m'mbuyo chifukwa cha manyazi, n'kumaikamo khofi kuti alimi asakhumudwe.

Ena amadandaula za mtengo, kuti lavenda wodya sapezeka pamsika wa tomato ndi anyezi, ndipo kabotolo ka madzi a rozi kamafuna ulendo wa kusitolo zazikulu za m'tauni. Kwa amenewa chakumwachi chili ndi chifundo, chifukwa chimalola chidede, chimene timachidziwa kale ndipo Asudani ndi Aiguputo amachimwa ngati karkade. Chikawiritsidwa ndi shuga chimapereka madzi ofiira okongola, owawasa mokoma. Kungoti chifundo cha mfumu chimabwera ndi msonkho wake: asidi wa chidede akakumana ndi mkaka amaudula, moti wothira zonse pamodzi mosaganiza amapeza chambiko chosafunsa chikuyandama pa khofi. Osauka ndi olemera, aliyense walandira vuto lomuyenera. Palinso odera nkhawa za mlendo, kuti mukamupatsa khofi wozizira aganiza kuti munamuiwala pamene munkacheza kukhitchini. Yankho lake n'losavuta. Mumufotokozere kuti kuzizirako kunakutengerani maola 18, ndipo adzamwa mwaulemu mpaka pansi, ngakhale nkhope itamakana.

Chotsala ndi nkhani ya aisi amene amayamba kuwononga chakumwachi pa mphindi yomwe waponyedwamo. Pa kutentha kwa mu Okutobala, munthu akangoyankha foni n'kucheza pang'ono amabwerera ku madzi otuwa onunkhira maluwa. Ntchito ya tsiku ndi usiku imapatsidwa moyo wa mphindi zochepa, ndipo zochepazo zina zimathera pojambula chithunzi. Onyoza amati apa ndiye pathera nzeru, koma chakumwa chathu chili ndi mankhwala a vutoli, ndipo mankhwalawo ndi ogwirizana ndi khalidwe lake. Mupange khofi wochuluka kuposa amene mukufuna kumwa, wina mumuthire m'kathireyi ka aisi, aundane, kuti akamasungunuka azithira khofi m'khofi. Zimenezi zimangowonjezera usiku wina umodzi pa ndondomeko, ndi kathireyi kena kotsuka, kamene kazinunkhiritsa khofi aisi yense wa m'nyumbamo mpaka mutagula kena. Wofuna kumwa Loweruka masana ayambe Lachinayi madzulo, ndipo apemphere kuti magetsi asathime Lachisanu.