Phazi la Azakhali Ndi Sikisi

Azakhali anga amavala nsapato ya sikisi. Mlanduwu unagamulidwa kalekale m'sitolo ya Bata mu Cairo Road, iwo akali namwali, pamene mnyamata wina wa tayi anawagwadira n'kuwayesa phazi. Chiyambire tsiku limenelo palibe khoti limene lasintha chigamulocho. Kaunda anachoka pampando mu 1991, kwacha inadulidwa maziro atatu mu 2013, azakhaliwo anabereka ana asanu ndi awiri n'kuika m'manda mwamuna mmodzi, koma phazi likadali sikisi. Ine amene ndimalisisita ndi mafuta madzulo ndikudziwa kuti ndi eyiti, ndipo dzuwa likakwiya limasuzumira ku naini. Koma ndinaleredwa bwino, pakamwa ndimatseka.

Amakhala ku Kaunda Square Stage 2, m'nyumba imene anamanga ndi malemu amuna awo buloko imodziimodzi, ndipo ine ndimagona m'chipinda chakumbuyo. Mwana wawo wamkazi ndi namwino ku Leeds. Iyeyu ndiye anayambitsa nkhani yonse pa WhatsApp. Akuti kumeneko ali ndi nyengo inayake pakati pa Malichi ndi Meyi, chisanu chikamatha mitengo n'kumaphuka, ndipo nyengoyo ili ndi nsapato zakezake: zopepuka, zofewa, zopita mphepo, zoyenera amayi achikulire. Azakhali anamvetsera zonse mpaka pa mawu oti achikulire. Pamenepo netiweki inavuta mwadzidzidzi.

Ife kuno nyengo imeneyo sinatipeze. Tili ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamene munthu wolemekezeka amavala masokosi m'patapata osachita manyazi. Ikatero imabwera mphepo ya Ogasiti, yonyamula fumbi la ku Mtendere n'kudzalithira mu ndiwo za anthu osalakwa a ku Kaunda Square. Sepitembala akafika jakaranda amayamba kuwaza maluwa m'misewu ya kumayadi, dzuwa n'kumanola mano pokonzekera Okutobala, ndipo aliyense wofuna kukwatitsa mwana amathamanga kuti mvula isamupeze. Loweruka lililonse kuli kicheni pate. Nsapato za nyengo ya ku Ulaya ija zimatifika ndithu, koma zimadzera m'belo, mayi wina wa kumeneko atazitopa nazo kale.

Khadi ya kicheni pate inabwera Lachiwiri, ya mwana wa mnzawo wa azakhali wa m'Chigwirizano. Mtundu wa tsikulo: golide. Lachitatu m'mawa kusanatenthe tinali kale m'basi ya ku Kulima Tower.

Mwana wa ku Leeds uja anali atandilangiza ine pambali. Nsapato, akuti, muzigula masana kapena madzulo, chifukwa phazi limatupa dzuwa likamapita, makamaka kwa munthu wa BP ngati mayi ake. Kutsogolo kwa chala chachikulu kuzitsala malo oti chala chamanthu cha kumanja chilowepo. Chidendene cha nsapato chikhale chachifupi ndi chachikulu bwino, pakhale lamba womanga, ndipo poti shuga yawo yayamba kukwera, kachilonda ka pa phazi asamakatenge mwamasewera. Ndinawafotokozera azakhali zonsezi basi ikudutsa pa UNZA. Anayang'ana pawindo.

"Ndinamulipirira sukulu kuti azindiphunzitsa kuyenda? Ndani anamuphunzitsa kuyenda iyeyo?"

N'chifukwa chake tinapita m'mamawa. Phazi la m'mamawa limamvera mwini wake.

Kuchoka pa Kulima Tower tinawoloka Lumumba Road kulowera kumene salaula wayalidwa, pakati pa City Market ndi Soweto. Mawu oti salaula ndi a Chibemba, kusankha mofukula pa mulu. Abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Mayi wina wophunzira, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lathunthu la malonda amenewa mu 2000. Azakhali akadalemba lawo likadanenepa kuposa pamenepo, poti iwo amadziwa kununkhiza belo yotsegulidwa lero, amadziwa kupinda nsapato pakati kuti aone ngati pansi pake panauma, amadziwanso kuyenda ngati akuchoka kuti mtengo utsike.

Mnyamata wa nsapato anawaona akali patali. Anyamata amenewa sayang'ana nkhope. Maso awo amakhala pansi ngati a mkamwini.

"Mami, bwerani muone. Saizi bwanji?"

"Sikisi."

Mnyamatayo anayang'ana phazi, n'kuyang'ana ine. Ine ndinayang'ana kumwamba. Iye naye analeredwa bwino.

"Zoona mami, sikisi yeniyeni. Ni yanu iyi."

Anatulutsa gogoda wagolide, chidendene chake chowonda ngati pensulo, kutsogolo kosongoka ngati mlomo wa kakowa. Pansi panalembedwa 39, imene ndi sikisi ya ku Ulaya. Nsapato inali imodzi yokha. Inzake, akuti, ili kwa mnzake, ndipo kamwana kanatumidwa kukaitenga. Podikira, ntchito yolowetsa phazi inayamba. Mnyamata anaveka phazilo pepala lapulasitiki kuti literere. Azakhali anandigwira phewa. Wogulitsa malamba pafupi anasiya makasitomala ake kudzathandiza ndi malangizo. Zala zinayi zinalowa mwamtendere, chachisanu chinakwera pamsana pa chinzake, ndipo chidendene chinalowa ndi mawu ngati a botolo lotsegulidwa. Mnofu wotsala unatulukira pamwamba ngati chitumbuwa chofufuma bwino.

"Yathina pang'ono," anatero azakhali, thukuta lili kamukamu pamphuno.

"Ni chikumba ichi mami, chimatanuka. Mukavala kawiri chabe, mudzabwera kunithokoza."

Mu Lusaka muno nsapato iliyonse imatanuka. Ya pulasitiki imatanuka, ya nsalu imatanuka, ngakhale ya chitsulo itabwera m'belo ingatanuke. Ikakhala yaikulu, mnyamata yemweyo amakuuza kuti uikemo thonje, ndiwo fashoni ya manje. Mtengo unayambira pa K300, azakhali anachoka kawiri, n'kuthera pa K180. Pobwerera anandigulira chinangwa chootcha kuti ndisakanene ku Leeds.

Mwina mukudabwa kuti nambala yolembedwa m'kati mwa nsapato, imene phazi limaibisa, ingavutitse bwanji munthu. Ndiye kuti simunalowepo m'nyumba ya maliro ku komboni. Abambo amakhala panja pa mipando ndi nsapato zawo kuphazi, zinsinsi zawo zili zotetezeka. Amayi amavula pakhomo n'kukakhala pansi m'nyumba. Mulu umene umatsala pakhomopo ndi nyuzipepala ya Stage 2. Wolowa aliyense amawerama mwaulemu ngati akuvula zake, koma akuwerenga. Amadziwa amene mwana wake wayamba ntchito, amene zake zasokedwa kachitatu, amene wabwereka kwa mpongozi. Ndipo amawerenga manambala. Mayi wa eyiti amamunena kuti anakulira kumunda, ngati kuti enafe tinamera pa simenti.

Loweruka linafika. Phwando linali pa bwalo lina la udzu ku Chelstone, basi imodzi kuchoka pa Great East Road. Mwambo wake ndi wodziwika: mayi amanyamuka kwawo atavala patapata, gogoda ali m'chikwama. Patsala mapazi makumi awiri kuti afike pageti, amaima kuseri kwa mpanda. Tsiku limenelo ndinawerenga amayi asanu ndi anayi atatsamira khoma ndi dzanja limodzi, mwendo umodzi m'mwamba ngati nkhuku zomva kuzizira, aliyense akupukuta fumbi la m'mang'a ndi kansalu konyowa. Palibe amene anapereka moni kwa mnzake. Kuseri kwa mpanda anthu saonana. Moni unayambira m'kati mwa geti, ndi kudabwa kwakukulu: "Aa, mwafika nthawi yanji? Mwaoneka bwino!"

Azakhali okha ndiwo anaphwanya mwambo. M'chikwama munadzaza mphatso ndi chitenje chovinira, ndiye patapata anazisiya kunyumba n'kuvala golide wawo kuyambira pakhomo. Anati akufuna kuti chikumba chiyambe kutanuka. Kuchoka panyumba kukafika pa siteshoni ndi ulendo wa mphindi zisanu. Tinayenda theka la ola, iwo akuponda ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala yoterera, akumwetulira aliyense. Kondakitala anawatcha sisita. Mawu amenewo anawapatsa mphamvu zokafikira ku Chelstone.

Pa udzu gogoda amasanduka chobzalira chimanga. Paliponse pamene anaponda panatsala dzenje, ndipo aliyense wa gogoda ankayenda chala chokha, matako m'mbuyo, nkhope yaulemu. Atangokhala pansi, ndinaona ntchito ikuchitika kunsi kwa matebulo. Pamwamba pa nsalu yoyera panali maduku agolide, ndolo ndi kuseka kwa anthu apamwamba. Pansi pake nsapato zinali zitagona cham'mbali ngati nsomba zakufa, zala zikudziwongola pa udzu ndi chimwemwe cha akaidi otulutsidwa pa tsiku la ufulu.

Ng'oma zinayamba. Mkwatibwi anamulowetsa atamufunditsa chitenje, n'kumukhazika pamphasa, ndipo atamuvundukula anakhala chowerama monga mwa mwambo, osaseka, osatukula maso. Ndinamumvera chisoni mwanayo. Anthu anawononga ndalama pa tsitsi, nsidze ndi madiresi, koma iye tsiku lonse anaona mapazi okhaokha. Matironi akaitana mwini mphatso kuti adzaifotokoze n'kuvina, mayi ankanyamuka ndi gogoda wake, masitepe atatu, kenako ng'oma ikamulowa m'chiuno ankazitaya uko n'kumanga chitenje. Zimene mkwatibwi anaphunzira za banja tsiku limenelo anaziwerenga pa matuza.

Azakhali anavina bwino, ndisaname. Anavina opanda nsapato mpaka oimba ng'oma anawatsatira. Vuto linadza phwando litatha. Phazi limene linatuluka mu golide masana silinali lomwe linafuna kubwereramo madzulo. Tinayesa pepala lapulasitiki. Tinayesa mafuta odzola. Mayi wina wa komiti anayesa pemphero lalifupi. Pomaliza azakhali anayang'ana kuphazi kwanga, kumene kunali nsapato zanga zafulati, za eyiti.

"Mwana wa mlongo wanga, tandibwereka izo."

Zinalowa ngati anabadwa nazo. Anayenda uku ndi uku, n'kugwedeza mutu.

"Waona? Zakozi zinatanuka. Umaponda moipa iwe."

Ndinafika ku Stage 2 chosavala nsapato, golide ali m'manja, ana a m'njira akundifunsa ngati ndikugulitsa.

Patapita milungu iwiri, munthu wina wochokera ku Leeds anabweretsa phukusi. Munali nsapato zakuda, zofewa ngati buledi wa lero, kutsogolo kotakasuka, chidendene chachifupi, lamba womata. M'kati munali 42, ndipo pambali pake, poopa kuti wina angakane, 8. Azakhali anazitembenuza ndi chala chimodzi. Anati ndi nsapato za munthu wotuluka m'chipatala. Anati mwana wawo waiwala mayi ake mpaka saizi. Anaziika pamwamba pa wadiropu, pamodzi ndi mbale za alendo.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakati pa Okutobala kunagwa maliro mu mpingo, oika ku Chingwere, ndipo amayi a Chigwirizano anayenera kuvala yunifomu: bulauzi yoyera, siketi yakuda, nsapato zakuda, ndi kuimirira padzuwa mpaka nkhata yomaliza. Matuza a golide anali asanapole. Nsapato zawo zakuda zakale, za sikisi, zinakana ngakhale kupereka moni. Usiku ndinamva mpando ukukokedwa kuchipinda kwawo, kenako masitepe ofewa, uku ndi uku, kwa nthawi yaitali. M'mawa anandipatsa phukusi lokulungidwa m'chitenje.

"Pita nazo kwa wosoka nsapato wa pamsika. Ukangomupatsa, adziwa."

Bamboyu amakhala pansi pa mtengo, pakati pa mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala, chitini cha guluu pambali, ulusi kukamwa. Anamasula chitenje, n'kusuzumira m'kati mwa nsapato, osafunsa kanthu. Anatenga lezala n'kupala 42 ndi 8 pang'onopang'ono, mosamala ngati akumeta mwana wakhanda. Kenako anatulutsa cholembera cha inki yoyera m'thumba la malaya n'kulemba 6 wonenepa bwino, mbali zonse ziwiri. Anauzira kuti aume.

"K10."

Ndinamufunsa ngati ntchito yotere imabwera kawirikawiri. Analavula ulusi.

"Mwana wanga, ine nakhala pansi pa mtengo uno zaka zambiri. Mu Stage 2 monse mulibe mzimayi wopitirira sikisi. Ku Stage 1 kunali mmodzi wa seveni, koma anasamukira ku Chamba Valley."

Kumaliro azakhali anaimba mpaka kumanda, anaimirira maola onse, ndipo pobwerera anakana mpando m'basi n'kuupereka kwa mtsikana wa gogoda amene ankaoneka ngati akomoka. Kunyumba ya maliro anavula pakhomo monyadira, n'kuziika pamwamba penipeni pa mulu, manambala akuyang'ana kumwamba. Ine ndinawerama kuvula zanga, ndipo monga mwa mwambo ndinawerenga. Nsapato zakuda zazikulu ngati mabwato a pa Kafue zinali mbwee, ndipo m'kati mwa iliyonse munali 6 woyera, wa dzanja limodzi lomwelo.

Titafika kunyumba madzulo ndinaona kuti ya kumanzere ili ndi lamba, ya kumanja ili ndi zingwe.

"Azakhali, iyi si yanu."

Anaitukula, n'kusuzumira m'kati.

"Sikisi," anatero. "Ndi yanga."