Wamisala wa lero amaona nkhondo ali pabedi

Makolo adati wamisala adaona nkhondo. Munthu akafika wefuwefu akukuwa kuti adani ali kudambo, si nthawi yomufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Berekani ana, mafunsowo mukafunsire kuphiri.

Palibe amene amausunga mwambiwu kuposa apolisi ndi ozimitsa moto. Foni ikalira kuti kwakutikwakuti kuli bomba, sangayankhe kuti, "Achimwene, mawu anuwa akumveka ngati mwalawa." Amangodzambatuka basi. Tsoka lake, anyamata ena adatulukira kuti pamenepa pali masewera. Wamisala wakale uja ankathamanga yekha, minga ikumubaya. Wa lero nkhondo amaiona ali chagada pabedi, kompyuta ili pamimba.

Taonani George Duke-Cohan wa ku Watford, ku England. Mu Malichi 2018 adatumiza maimelo oopseza za bomba kusukulu zoposa 1,700, ndipo zoposa 400 zidatulutsa ana m'makalasi. Anawo mwina adamudalitsa chamumtima, makamaka amene tsikulo anali ndi mayeso a masamu. Apolisi adamugwira. Inu mukadaleka, eti? Iye ayi. Mu Epulo adatumizanso ena. Pofika Ogasiti adakwera giredi: adaimba foni akudzitcha bambo wodandaula, ati mwana wake wamkazi ali m'ndege ya United Airlines yopita ku San Francisco ndipo zigawenga zailanda. Ndege itatera adaiimika payokha, anthu 295 ali khale m'katimo kudikira kuti achitetezo afufuze, chifukwa cha mwana amene sadabadwe n'komwe.

Mu Disembala chaka chomwecho khoti la ku Luton lidamupatsa zaka zitatu, ali ndi zaka 19. Adachita mwayi, poti lamulo la kumeneko la 1977 limalola mpaka zaka 7 pa bodza la bomba.

Ku America nthabwalazi zidafika pamaliro. Mu 2017 Tyler Barriss adanamiza apolisi a ku Wichita, iwo n'kukawombera bambo wosalakwa pakhomo pake. Gwero lake linali mkangano wa kubetcha kwa $1.50 pa gemu ya Call of Duty. Barriss adamugamula zaka 20, ndipo ine sindikuona kuti zidachuluka.

Makolo anzanga, mnyamata akadzitsekera kuchipinda n'kumaseka yekha ndi foni usiku, gogodani mufunse amene akumuimbira.