Malangizo kwa dotolo wofuna kukalamba asanagwire wodwala

 Mwaphunzira ku Blantyre, ku Havana kapena ku China, ndipo chikalata chanu chili m'chikwama. Abale kuno ku Lifidzi apha mbuzi, amayi a m'kwaya ya pa mishoni aimba nthungululu, azakhali nawo ayamba kale kukuonetsani bondo lawo lotupa. Ena akunong'onezani kuti musanagwire bondolo pali njira ya boma yoti mutsate. Ilipodi, koma ndi ya anthu ofuna kuyamba ntchito msanga. Malangizo awa ndi a inu amene mulibe phuma lotere.

Yambani ndi kuika chikalatacho m'felemu, mukhomere pabalaza, chisatsikenso. Ku Maputo kuli ofesi yotchedwa INECE, imene imaunika maphunziro a kunja n'kupereka pepala lija amati equivalência, lotsimikiza kuti zimene munaphunzira zikulingana ndi za kuno. Musapondeko. Kupempha pepalalo n'kuvomera kuti sukulu yanu ingakayikiridwe, ndipo munthu woti anakwerapo ndege sakayikiridwa.

Amalume akakuumirizani, tumizani mapepala anu, koma m'Chingelezi momwemo. Ambiri a kuno muli ndi mwayi umenewu, poti makolo anu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nkhondo ija inatha mu 1992, inu n'kuyamba sukulu komweko mpaka kukafika ku College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Boma limafuna kuti mapepala otere amasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira, tradutor ajuramentado, ndipo akhale ndi zidindo za dziko limene munaphunzirako ndi za kazembe wa Mozambique. Womasulirayo amalipiritsa. Muli ndi msuweni amene anafika kalasi 10 ku Ulongwe, ndipo Fanta mmodzi amukwanira.

Za dzina musakonze kanthu. Pa chikalata cha ku Malawi ndinu Kamwendo, pa chitupa cha kuno, BI, ndinu Camuendo, ndipo chaka chobadwa pa mapepala a sukulu ndi chija aphunzitsi aakulu a ku Ntcheu anangolemba atakuyang'anani msinkhu. Kwa kalaliki wa ku Maputo amenewa ndi anthu awiri, wina wamkulu kwa mnzake ndi zaka zitatu, ndipo amene anaphunzira za mankhwala si amene ali nzika ya dziko lino. Mufotokozereni mokweza mawu kuti kumudzi aliyense akukudziwani. Akapitiriza kukana, mufunseni kuti iye sukulu analekezera pati.

Pali pepala limodzi loyenera kulitenga msangamsanga, la registo criminal, losonyeza kuti mulibe mlandu. Limeneli limatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, choncho mukalitenga loyamba, pofika nthawi imene mapepala ena akhale atakwana lidzakhala litafa. Mudzatenga lina, ndipo pamene mukulidikira chinanso chidzatha. Anthu aluso akhala akuzungulira motere zaka ndithu osatopa, pakati pa Ulongwe ndi Tete, pa chapa.

Tsono pali Ordem dos Médicos de Moçambique, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2006. Amene sanalembetse kumeneko ndipo alibe carteira profissional saloledwa kugwira ntchito ya udotolo m'dziko lino, kaya anaphunzira ku Universidade Eduardo Mondlane kaya kutsidya kwa nyanja. Inu yankhani kuti munalembetsa kale ku Medical Council of Malawi, mutagwira miyezi 18 yoyeserera ku chipatala cha Queen Elizabeth, usiku ndi usana. Onjezani kuti pa Lizulu malire ndi msewu chabe, munthu amagula tomato ku Malawi n'kukagula kabichi ku Mozambique, ndipo malungo sadinditsa pasipoti pa Calomue. Mfundo zimenezi n'zoona zonse, ndipo pa mowa zimamveka bwino kwambiri. Ubwino wake wina, palibe ofesi imene ingazilandire.

Wina adzakutchulirani Kamuzu Banda. Iye anatenga digiri ya udotolo ku Meharry Medical College ku America mu 1937, Angelezi n'kunena kuti pepala la ku America silikwanira m'maiko awo. Munthu wamkuluyo anadzichepetsa, anapita ku Edinburgh, anakhalanso pa benchi mpaka anapambana mu 1941. Taonani mapeto ake. Ntchito ya udotolo kwawo sanaigwire, anakachiritsa anthu a ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi, ndipo pobwerera mu 1958 anangothera pa upulezidenti. Musatengere chitsanzo chotere.

Chipwitikizi musachiphunzire. Odwala a ku Lifidzi ndi ku Domwe adzakuuzani m'chinenero chathu chomwechi kuti m'mimba mukupota, ndipo mudzamvana. Kungoti mayeso a Ordem ndi a m'Chipwitikizi, mafayilo a odwala ndi a m'Chipwitikizi, kalata yotumizira mayi wovutika pobereka ku chipatala chachikulu cha ku Tete nayonso ndi ya m'Chipwitikizi. Lowani m'mayesomo mukudalira kuti mawu a zachipatala amafanana kulikonse. Ndondomeko za unduna wa za umoyo, MISAU, za kachiritsidwe ka chifuwa chachikulu, Edzi ndi malungo musaziwerenge, poti munaphunzira zoposa pamenepo. Ngati munaphunzira kudziko lozizira kumene malungo munangowaona pa chithunzi, ndiye kuti muli ndi maso atsopano. Ngati ndi ku Malawi, lembani LA pa pepala la mankhwala, wa ku famasi amene amadziwa Coartem azidzikanda m'mutu yekha.

Pa chipatala mudzapeza anthu otchedwa ma técnico. Apewereni kutali. Dziko lino polandira ufulu mu 1975 linatsala ndi madotolo osakwana 100, Apwitikizi atapakira, ndipo mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia kuchita opaleshoni. M'zipatala za m'maboma ndi iwo akhala akung'amba amayi olephera kubereka, nthawi zina magetsi atazima, namwino atagwira tochi. Amadziwanso ofesi iliyonse, tsiku limene bwana amasaina, ndi pepala limene limasowa kawirikawiri. Bambo wotere angakufupikitsireni ulendo ndi chaka chathunthu pa kapu imodzi ya tiyi, n'chifukwa chake simuyenera kumupatsa moni. Akuti safunsa anadya phula, koma sitinamvepo maliro a munthu wofa ndi phula.

Podikira zonsezi musakhale manja lende. Pezani kachipinda kuseri kwa golosale, mupachike nsalu yoyera pakhomo, muvale chopimira pakhosi ngakhale popita kumsika. Nyengo yabwino ndi yokolola mbatata ya kachewere ndi yogulitsa fodya, anthu ali ndi ma metikali m'thumba. Aliyense mubayeni jakisoni, chifukwa wodwala wongopatsidwa panado amaona ngati wanyozedwa. Tsiku limene oyendera za umoyo adzafike, kapena limene mwana wa mfumu adzatupe pamene munabaya, mudzakhala mwapeza choti chilembedwe pa registo criminal yanu, imene mpaka pano inali yopanda kanthu mochititsa manyazi.

Maputo ali kutali, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, ndiye musadzivutitse. Mu mzinda wa Tete simusowa mkulu wa jekete amene amati amadziwana ndi akuluakulu onse. Mutumizireni ndalama pa M-Pesa, ndipo kuti aone kuti mumamukhulupirira, tsitsani felemu ija mumupatse chikalata chenicheni, osasunga fotokope. Foni yake ikasiya kugwira, dziwani kuti wina pamudzi pano wakutsekerani mwayi chifukwa cha nsanje. Pitani kwa sing'anga akakuombezereni. Sankhani wodalirika, wolembetsa ku bungwe la asing'anga la AMETRAMO, ndipo musanakhale pamphasa mumuuze akuonetseni khadi lake.