Chiletso changa

Nyumba yathu ya ku Machinjiri ndinaipereka chikole ku banki ina pofuna kugula minibasi. Ndikuti yathu poti njerwa ndi malata zinachokera m'kaunjika wa akazi anga, koma pamapepala panali dzina langa, ndipo banki imayang'ana mapepala basi. Ndinaitanitsa galimoto ku Japan. Isanafike n'komwe padoko la Dar es Salaam, mu Novembala 2023, kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti. Msonkho unadya ndalama zonse zotsala. Minibasi inayenda pang'ono, injini n'kufa. Chomwe chinapitiriza ulendo ndi chiwongoladzanja.

Kalata ya banki itabwera ndinasaina kuti ndalandira, n'kuibisa pansi pa matiresi. Lamulo limapereka miyezi itatu kuti munthu abweze ngongole nyumba isanagulitsidwe. Ine miyeziyo ndinaigonera.

Akazi anga anazidziwira kumsika. Wogulitsa usipa anawakulungira m'nyuzipepala momwe munali chithunzi cha nyumba yopita pa okushoni, makatani awo ali pawindo.

"Abambo, iyi si nyumba yathu?"

"Nyumba zimafanana, mayi."

M'mawa mwake ndinali kwa loya. Atandifunsa ngati banki inandichenjeza, ndinalumbira kuti sindinaonepo kalata iliyonse. Anakatenga chiletso ku High Court, kunthambi yoona milandu ya zamalonda ku Blantyre. Tsiku limenelo ndinapha tambala, n'kuuza oyandikana nawo kuti banki ndaigwetsa. Loyayo anali atanena ndithu kuti chiletso chimaimitsa kugulitsa kokha, ngongole imakulabe, koma ine ndinangomva mawu oti "kuimitsa". Ndalama zomulipira ndinakatenga kwa wakatapila.

Kubwalo limeneli, mlandu usanazengedwe amayamba akukhazikani pansi kuti mukambirane. Loya anati ndibweretse mapepala a nyumba. Pofuna kuoneka munthu wadongosolo, ndinakokolola zonse za pansi pa matiresi m'jumbo, n'kukazikhuthula patebulo pamaso pa jaji. Panatuluka makhadi a sikelo a ana, malisiti a madzi, ndi pamwamba penipeni kalata ija, chizindikiro cha banki chili waliwali. Loya wa banki anaitola ndi zala ziwiri.

"Bambo, iyi mwaitenga kuti?"

"Kunyumba, bwana."

Loya wanga anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

Amene anatiombola ndi akazi anga. Anapempha kulankhula, n'kutulutsa kope lawo la banki mkhonde, n'kuwerengetsa kuti nyumba itachitidwa lendi ingabweze zingati pamwezi. A banki anavomera, poti nawonso okushoni siiwapatsa mtengo wabwino, koma anati lendiyo izipita kwa iwo osadutsa m'manja mwanga. Mfundo imeneyi anaionjezera ndi akazi anga.

Pano tikukhala m'kanyumba ka kuseri. Alendi athu ndi anthu aulemu, kungoti sanauzidwe bwino: Khrisimasi yapitayi anandipatsa shuga ndi sopo, ati poti ndimatsegula geti mwachangu. Wakatapila uja akazi anga sanamudziwebe.